Tepi Imene Ndinafufuta ku Boda

Kuyambira pa Boma mpaka ku boda, palibe munthu amene anandigulitsapo filimu yoipa, ndipo palibe amene anandiposapo pa kunenerera mtengo. Funsani aliyense wa imvi pa Mchinji pano za a Chidule, akuuzani. Tepi ndinkangoiika mu deki, kuonera mphindi imodzi, n'kudziwiratu ngati idzaze holo kapena ionetse mabenchi okhaokha. Zimenezi ndazinena pa bawo, pa maliro ndi m'minibasi kwa zaka zambiri, ndipo ndayamba nazo kuti mudziwe kuti bambo anu sanali chitsiru wamba.

Koma mutu uno ndalembera iwe, Tadala. Tsiku la chinkhoswe chako unandifunsa kuti amayi ako ankalankhula bwanji, mawu awo anali aakulu kapena aang'ono, ndipo ine ndinayamba kukamba za mvula. Mkulu wako Chifundo akuwakumbukira. Iwe anakusiya uli ndi zaka zitatu. Padziko lino panali tepi imodzi imene ikanakuyankha, ndipo inali m'manja mwanga.

Pa Boma, kumayambiriro kwa ma 1990

Ntchito yanga yoyamba inali pa vidiyo shoo ya a Mbewe, kuseri kwa msika. Holoyo inali ya njerwa zosawotcha, malata obooka, mawindo otsekedwa ndi ziguduli kuti dzuwa lisalowe komanso kuti osalipira asasuzumire. Kutsogolo kunali TV patebulo, deki pansi pake, ndipo kunja kunali jenereta yachifuwa imene inkatsokomola tsiku lonse. A Mbewe anali munthu wamfupi, wovala jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo filimu sankaonera. Ankakhala panja pampando n'kumamvetsera anthu. "Ukamva kukuwa mkatimo, tepiyo ndi yabwino," ankandiuza. "Ukamva anthu akutafuna mtedza, itulutse."

Zina ndinaphunzira ndekha. Filimu yoyenera kuonera, mmene ndinkaonera nthawi imeneyo, inkafunika kuti munthu amenyedwe mtedza wa m'manja usanathe. Woipa aoneke kuipa pankhope pomwe, tisamachite kudikira kuti atiuze. Amene wazunzidwa poyamba abwezere pomaliza, ndipo abwezere mowirikiza. Yosayenera kuonera inali ya anthu okhala pampando n'kumakambirana, chifukwa matepi athu ambiri anali m'zinenero zimene palibe ankamva. Kukambirana kukayamba, holo inkayamba kutuluka, wina kukataya madzi, wina kukafunsa mtengo wa matemba.

Tsiku lina mafuta anasowa pa Boma ponse. Mu jenereta munali otsala pang'ono, filimu isanafike ndi pakati pomwe, ndipo pasikirini amuna awiri anali atakhala patebulo ngati akugawana chuma cha masiye. Ndinadina batani lothamangitsira kutsogolo. Amuna aja anayamba kunjenjemera, milomo ikuphethira popanda mawu, ndipo ine ndinaimirira n'kuuza anthu kuti: "Uyu akuti unapha bambo anga. Uyo akuti si ine. Tiyeni kutsogolo." Holo yonse inaseka. Tinafika pa nkhondo yomaliza mafuta akadalipo.

"Lero mwatha msanga bwanji?" anafunsa a Mbewe.

"Ndachotsa mafupa, bwana. Ndasiya mnofu."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mzere wa anthu amene ankadikira shoo yotsatira, ndipo sanafunsenso. Kuyambira tsiku limenelo mashoo anachuluka pa tsiku, ndipo dzina langa la ubatizo linatha ntchito, aliyense n'kumanditcha Chidule. Aphunzitsi ena a pa pulayimale ankadandaula potuluka. "Achimwene, mmene mukulumphamo ndi mmene muli nkhani. Mudziwa bwanji chimene akumenyerana?" Ine ndinkawayankha kuti chibakera sichifuna womasulira. Anthu ankaseka, aphunzitsi n'kumapita akupukusa mutu.

Ku boda, patapita zaka zingapo

A Mbewe atatsegula holo yachiwiri ku boda, anatumizako ine. Nthawi imeneyo ndinali nditakwatira amayi anu, a Nabanda a ku Chiosya, ndipo Chifundo anali akuyamba kuyenda. Ku boda kunali anthu oyenera ntchito yanga: madalaivala a mathiraki odikira mapepala masiku awiri kapena atatu, osintha ndalama, anyamata a kabaza, anthu a nthawi yambiri ndi mtima wochepa. Vuto linali limodzi. Tsidya la msewu kunali holo ina, ya a Tembo, munthu wamtali, wofatsa, mkulu wa mpingo, amene ankaonetsa filimu yonse kuyambira mayina a poyamba mpaka mayina a pomaliza. Ndinkawapatsa moni m'mawa uliwonse, n'kumawerenga mumtima njinga zimene zaima pakhomo pawo.

Matepi atsopano ankabwera ndi madalaivala, ndipo mfumu yawo anali Sakala, wa ku Zambia, munthu wa mimba yaikulu ndi kuseka kwakukulu, amene ankabisa matepi pansi pa matiresi a mu thiraki yake. Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali kotere: ukapeza tepi yabwino, umalumikiza madeki awiri ndi waya, ina ikuonetsa ina ikujambula, mpaka filimu yonse yasamukira pa tepi yako. Chosowa chinali matepi opanda kanthu. Ankapezeka ku Lilongwe kokha, ndipo a Mbewe ankabweretsa akakumbukira. Choncho tinkajambula pamwamba pa akale. Tepi ili ndi kachibowo pakona, ndipo kachibowoko kakakhala kotsegula deki imakana kufufuta zimene zilimo. Amene anapanga zimenezi ankafuna kuteteza anthu kwa anthu ngati ine. Koma ukamata kaselotepi pachibowocho, deki imavomera. Ukachita zimenezi kangapo pa tepi imodzi, zithunzi zimayamba kugwa ngati matalala, ndipo anthu amafuna kukuphwanyira mabenchi.

Chaka chimene Tadala anali kumsana

Nthawi yokumba mtedza, amayi anu anapita ku Chiosya kukathandiza agogo anu, iwe Tadala uli kumsana. Kumeneko anapeza alendo a kamera ochokera ku Lilongwe, amene ankajambula filimu ya amayi olima mtedza. Anakhala m'mudzimo masiku angapo, kutsatira amayi kumunda, kudambo ndi pamtondo, n'kumawafunsa mafunso. Patapita miyezi, anatumiza tepi imodzi ku gulu la amayiwo. M'mudzimo munalibe TV. Amayi anagwirizana kuti tepiyo isungidwe ndi a Nabanda, popeza amuna awo ndi katswiri wa matepi, mpaka akadzakolola n'kubwereka jenereta kuti mudzi wonse udzaonere pabwalo la tchalitchi.

Anabwera nayo kuholo m'mawa, shoo yoyamba isanayambe, ataikulunga m'kachitenje.

"Abambo a Chifundo, taikani iyi tione."

"Muli ndani mmenemu?"

"Muli ine."

"Mukumenya ndani?"

"Ikani basi."

Ndinaika. Panaoneka munda, kenako amayi anu ataima pamzere, iwe uli kumsana, akutembenuka kuyang'ana kamera. Kenako anali atakhala pamphasa, lichero pamiyendo, akuswa mtedza n'kumalankhula. Ndinamva akutchula dzina lawo ndi la mudzi. Panja anthu anali atayamba kusonkhana, jenereta ikumwa mafuta, ndipo chala changa chinachita zimene chinazolowera. Amayi anu anayamba kuswa mtedza mwa liwiro la makina, mutu ukugwedezeka, milomo ikuphethira. Anabwera amayi ena, nawonso ndinawathamangitsa. Mbuzi inadutsa ngati mphezi. Amayi anu anabweranso, atakhala pakhonde, ndinawathamangitsanso mpaka sikirini inada.

"Mukanamaswa chonchi kunyumba, bwenzi titalemera," ndinatero ndikuseka.

Iwo sanaseke. "Mwandilumpha."

"Ndidzaonera bwinobwino Lamlungu. Komanso inu ndimakumvani tsiku ndi tsiku, ndilipire mafuta kuti ndikumveninso?"

"Zimene ndinanena mmenemo sindinakuuzenipo."

"Ndiye mundiuze pa chakudya."

"Ayi. Mudzaonere."

Ndinaikulunganso n'kuiika pashelefu ya pamwamba. Mumtima ndinali nditaweruza kale mlandu wake. Mafilimu a zochitika zenizeni ngati amenewa ndinkawadziwa, ankabwera ndi a zaumoyo ndi a zaulimi, ndipo ndinkati palibe munthu angalipire pakhomo kuti aone zimene wazisiya pakhomo pake. Lamlungu linafika, kunali mashoo. Lamlungu lina linafikanso.

Lachisanu lina m'nyengo yozizira

Panali filimu ina ya karate imene boda yonse inkaidikira. Madalaivala amene anaionera ku Lusaka ankaifotokoza pogwiritsa ntchito manja ndi miyendo, mpaka wina anathyola mpando wa pa tiyirumu. Lachisanu limenelo kunamveka kuti Sakala wafika nayo, ndipo mapepala ake atuluka ikamakwana 2 koloko. Nditafika pa thiraki yake ndinapeza a Tembo ataima kale, chipewa m'manja, akulankhula mwaulemu ngati akupempha mbeta. Amayi anu anali ku sikelo ndi iwe.

"Chidule, wachedwa mwana," anatero Sakala ali pamwamba pa thiraki, akusenda nzimbe. "A mudala aba afuna kugula. Manje iwe uli na chani?"

"Ine ndilibe kanthu, Sakala. Ndangobwera kudzakulira."

"Kunilira chani?"

"Ukagulitsa pano, wadya kamodzi. Mawa uli ku Lilongwe, kumene maholo ndi ambiri ngati nyerere, ndipo udzafika chimanjamanja. Ndibwereke ine maola awiri. Ndijambule, ndikubwezere, ukagulitse kumene kuli mtengo. Ukudikira, ukadye nkhuku yachikuda kwa mayi wa pa kona paja, ine ndikadziwa zokamba naye. Ndipo mpaka imfa, iwe pakhomo pa holo yanga sulipira."

"Nanga a mudala?"

"A mudala ndi munthu wa Mulungu. Filimu imeneyi muli magazi ambiri, ndikuwateteza."

Sakala anaseka mpaka nzimbe inamutsamwa. "Iwe ndiwe kawalala, Chidule."

"Chimodzi chokha. Pa boda pano isaonekenso kwina," ndinatero.

A Tembo anakweza mtengo kamodzi, mwa mawu apansi. Ine ndinawonjezera kuti nkhukuyo ikhale ndi chiwindi ndi nthutumba zake. Sakala anandiponyera tepi. A Tembo anavala chipewa n'kunena kuti, "Zikomo, pitani nayo," ndipo anawoloka msewu.

Ndinathamangira kuholo, kulumikiza madeki, kutsegula katoni ya matepi opanda kanthu. Munali mphemvu. A Mbewe anali asanabwere mwezi umenewo. Ndinayesa tepi yakale imodzi, matalala okhaokha. Ndinayesa ina, inali itadya kale selotepi kanayi. Zotsalazo zinali zimene zinkatidyetsa sabata imeneyo, ndipo a Mbewe ankazidziwa pamtima. Nditakweza maso ndinaona kachitenje pashelefu ya pamwamba.

Musaganize kuti ndinachita mosadziwa. Ndinaitsitsa, kuimasula, n'kuima nayo. Inali tepi yatsopano, yolemera bwino m'manja, yoonetsedwa kamodzi kokha, ndipo kachibowo kake kanali kotsegula. Ndinayamba kunenerera ndi mtima wanga, ndipo ndikuuzeni, pa moyo wanga wonse sindinakumanepo ndi wogulitsa wofewa ngati ameneyo. Ndinati si yanga, ndi ya amayi a ku Chiosya. Ndinadziyankha kuti alendo aja ali ndi yawo ku Lilongwe, tidzapempha ina. Ndinati sindikudziwa ngakhale dzina la alendowo. Ndinadziyankha kuti Lilongwe si kumwamba. Ndinati ndiyambe ndasamutsira amayiwa pa tepi ya matalala, bola mawu atsale. Ndinayang'ana wotchi, nthawi yojambula kawiri panalibe. Ndinati a Nabanda adzamva bwanji. Ndinadziyankha kuti a Nabanda alipo, ndi mtsikana, ndidzawamva mpaka ndidzatope.

Ndinaluma selotepi ndi mano n'kumata.

Pofuna kuona ngati deki yagwira bwino, ndinayamba ndadina loonetsera, kenako lojambulira. Choncho koyambirira kwa tepi kunatsala kachidutswa kakang'ono: munda, amayi anu pamzere, akutembenuka, akutsegula pakamwa. Pomwepo sikirini inkathwanima, n'kutulukira mwamuna wopanda malaya akuswa njerwa ndi mutu.

Sakala ananyamuka pa nthawi yake akutokosa m'mano. Kwa masabata atatu holo yanga inadzaza mpaka ena ankakhala pamiyendo ya anzawo. Pakhomo pa a Tembo pankaima njinga imodzi, yawo yomwe. A Mbewe anabwera, kukhala panja, kumvetsera kukuwa, ndipo pobwerera anandisiyira jekete lawo.

Kachidutswa kaja ndinkakadutsitsa anthu asanalowe, koma masiku ena ndinkaiwala. Anyamata a kabaza anakazolowera, n'kuwapatsa amayi anu dzina. Tsiku lina masana, amayi anu anandibweretsera chakudya, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anakankha chiguduli cha pakhomo nthawi imene ndinkadina batani. Anadziona ataima pamzere. Anamvanso holo yonse ikukuwa kuti, "Chidule, chotsa mayi wa mtedzayo, tione nkhondo."

Sanatuluke. Anaika mbale pansi, kukhala pa benchi yomalizira iwe uli pamiyendo, n'kuonera filimu yonse. Tsiku limenelo sindinalumphitse paliponse, chala chinakana, ndipo anthu anadandaula kuti a Chidule akalamba. Onse atatuluka, tinatsala atatu.

"Ndi yabwino," anatero. "Uja wovala zakuda wafa bwino."

"A Nabanda, ndifotokoze."

"Musafotokozere ine. Amayi a ku Chiosya akudikira Loweruka likubwerali. Jenereta abwereka kale, ndipo aitana ndi a midzi ina. Mukafotokozere iwo."

"Loweruka holo singatsekedwe, mukudziwa. Koma tamverani. Atengereni ina iliyonse pano, ziwiri, ngakhale zitatu. TV ndibwereketsa ulere. Anthu akasangalala kuposa mmene akanasangalalira ndi mtedza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukunenerera ndi ine?"

Anakubereka kumsana, kutola kachitenje kaja pamene ndinakataya, kukapinda, n'kutuluka.

Loweruka anapita okha. Zimene zinachitika ndinadzamva kwa agogo anu patapita zaka. Amayi anali atavala zitenje zofanana, mabenchi a m'tchalitchi atatulutsidwa panja, anthu atabwera ndi ana. Amayi anu anaimirira n'kunena kuti tepi inaonongeka m'nyumba mwawo, ndipo apepesa. Dzina langa sanalitchule. Ena anati a Nabanda achita dala chifukwa anzawo anaoneka bwino kuposa iwo. Ena anati agulitsa. Anamva zonsezo ataima, ndipo ku gulu lija sanabwererenso. Kunyumba sanaikambenso nkhaniyi, ndipo ine, poona kuti palibe akundifunsa, ndinati yatha.

Patapita zaka ziwiri

Amayi anu anadwala sabata imodzi yokha. Za maliro ndalemba m'mutu wina. Chimene sindinalembe n'chakuti titabwerako ku Chiosya, ndinakhuthula makatoni onse kufunafuna tepi ya karate ija, chifukwa cha kachidutswa ka koyambirira. Kenako ndinakumbukira. Deki inaitafuna chaka chomwe chija, ndipo ndinaipereka kwa mlimi wina amene ankamanga riboni ya matepi m'dimba mwake kuti izinyezimira n'kumaopseza mbalame.

Ndinapita ku Lilongwe kawiri. Ndinkalowa m'maofesi n'kumafunsa za anthu a kamera amene anajambula amayi a mtedza ku Mchinji. Ankandifunsa dzina la bungwe, chaka, dzina la filimu. Ine, katswiri wa matepi, ndinali nditalumpha mayina a poyamba ndi a pomaliza omwe.

Ndinapitanso kwa amayi a gulu lija, chipewa m'manja. Ndinawauza zoona, kuti anafufuta ndine. Mayi wina wachikulire anati, "Tinkadziwa. Mkazi saononga chinthu chimene wakulunga yekha." Nditafunsa zimene a Nabanda ananena pa kamera, aliyense anali ndi zake. Wina anati anaimba nyimbo ya pamtondo. Wina anati anakamba za mwana wawo woyamba amene anapita padera, Chifundo asanabadwe, nkhani imene ine ndi iwo sitinkaikhudza. Wina anati ayi, anaseketsa alendo ponena kuti amuna awo amaonetsa anthu akuphana tsiku lonse koma nkhuku amapempha aneba kuti awaphere. Atatuwo anayamba kutsutsana, ndipo wachikulire uja anati, "Pakhonde paja anali yekha ndi alendowo. Ifeyo tinkadikira kudzamva pa tepi."

Kuchokera m'ma 2000 mpaka lero

A Tembo, anthu atawathawa chaka chija, sanalimbane nane. Anagulitsa deki ndi mabenchi, n'kugula kamera yakale kwa dalaivala wina. Anayamba kujambula maukwati, makwaya, zinkhoswe ndi miyambo yoika ziliza. Tinkawaseka pa bawo kuti mkulu wa mpingo wasanduka wojambula anthu akutafuna mpunga. Kenako kunabwera madisiki, kenako mafoni, ndipo aliyense anayamba kuyenda ndi holo yake m'thumba. A Mbewe anatseka ya pa Boma, kenako ya ku boda. Ine ndinamalizira ntchito yanga pa kabenchi kotchajira mafoni, mpaka maso atayamba kuvuta n'kubwerera kuno.

Adzukulu anga akabwera amandionetsa mapulogalamu a masiku ano, anthu atatsekeredwa m'nyumba imodzi, kamera ikuwajambula akugona, akutsuka mbale, akukangana za mazira. Kale ndikanati zimenezi ndi mafupa okhaokha. Zambiri ndi mafupadi, makamaka pamene munthu akudziwa kuti kamera ili pa iye n'kumalira mokonzekera. Koma nthawi zina mmodzi amaiwala kamera, n'kunena chinthu chimene sanauzepo munthu, ndipo pamenepo ndimauza adzukulu kuti asakhudze foni. Mafilimu a nkhondo sindikuwanyoza. Anakulipirirani sukulu. Kungoti onse aja asakanikirana m'mutu mwanga, asanduka mwamuna mmodzi wopanda malaya amene akumenya mwamuna mmodzi wovala zakuda.

Utandifunsa funso lija, Tadala, ndinakwera minibasi kupita ku boda. A Tembo akalamba, kamera anasiyira ana awo, koma kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda kodzaza matepi, iliyonse italembedwa dzina ndi mudzi. Sanafufutepo ngakhale imodzi. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa selotepi. Anamvetsera osandidula, n'kunena kuti ndibwerenso Lachiwiri.

Lachiwiri anandikhazika pa mpando, n'kuika tepi ya ukwati wina wa ku Dambe, wa msuweni wa amayi anu. Kwaya ikuimba, akwati atakhala ngati mafano, anthu akuponya ndalama m'lichero. Chala changa chinayamba kuyabwa. A Tembo anaika rimoti m'thumba la malaya awo. Tinaonera pafupifupi ola lathunthu, kenako anati, "Yang'anani kumbuyo kwa mkwatibwi." Amayi anu anadutsa atasenza beseni. Anaima, kutembenukira kwa mayi wina, kunena kanthu, n'kuseka mpaka kugwira beseni ndi manja awiri kuti lisagwe. Kenako anatuluka pa chithunzi. Mawu awo sakumveka. Kwaya inali pafupi kwambiri ndi kamera.

A Tembo anali atauza kale ana awo kuti asamutsire kachidutswako pa kamemore ka mufoni. Anandipatsa katakulungidwa m'pepala.

"Mtengo wake?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Musanditonze, a Tembo. Nenani mtengo, ine ndikane, inu mutsitse. Ndi mmene anthu amachitira."

"Imeneyi simunenerera, a Chidule. Tengani."

Anandiperekeza mpaka pamsewu. Tikudikira minibasi anati, "Filimu ya Sakala ija ndinadzaonera kwanu, mukudziwa? Ndinalipira pakhomo ngati wina aliyense. Inali yabwino ndithu. Kodi inatha bwanji paja? Ndaiwala."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Ndinaionetsa kambirimbiri filimu imeneyo. Tinaima pamenepo, nkhalamba ziwiri, mpaka minibasi inafika, ndipo palibe anakumbukira.

Kamemoreko kali m'Baibulo la amayi anu, pa Masalimo, ndipo ndi kako, Tadala. Ndakaonera kosawerengeka, ndikuyang'anitsitsa milomo yawo. Tsiku lina ndimaona ngati akuti mchere wachepa, tsiku lina ngati akutchula dzina la munthu. Mawu awo sanali aakulu, ndipo ankakoka pang'ono pomaliza, koma ndikayesa kuwamva m'mutu mwanga amabwera ndi mawu a mchemwali wawo. Yankho limene ndili nalo ndi lomwelo.

Lachisanu lija boda yonse inaona a Tembo akuwoloka msewu opanda kanthu m'manja, ine ndikuthamanga ndi tepi kukhwapa, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankandigulira tiyi kuti ndiwafotokozerenso mmene ndinawagonjetsera ndi nkhuku imodzi. Inu ana anga mwamva mbali zonse tsopano. Pa malonda a tsiku limenelo, anapambana ndani?